Injini Ziwiri ndi Magetsi a ku Neno

Ntchito yanga pa Neno Boma inali yosamalira seva, kompyuta imene inkalandira mauthenga a alimi a ku Matandani ndi ku Magaleta ofunsa za nyengo ndi mitengo ya mbewu. Pulogalamu yake ndinalemba ndekha m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa JavaScript. Pulogalamu yotere siyenda payokha, imafuna ina yoiyendetsa, imene ife timangoti injini. Yanga inali yakale, koma ndinkaidziwa ngati mpini wa khasu langa.

Mvula itayandikira, abwana anabwera kuchokera ku Blantyre ndi katswiri mnzanga wa ku ofesi yaikulu. Katswiriyo anati kwatuluka injini yatsopano yothamanga zedi. Iye ndi abwana anagwirizana kuti injini ziwirizi zipikisane. Yanga ikagonja moonekeratu, pulogalamu yanga itayidwa, ntchito isamukira ku Blantyre, ine n'kutsala pa ulova.

Kuyesako sikovuta. Umathira injini mauthenga ongopeka ambirimbiri nthawi imodzi, n'kuona kuti ikuyankha angati pa sekondi. Mnzangayo anayamba ndi yatsopano pa laputopu yake, ndipo inathamangadi, sindingakane. Akukonzekera kuyesa yanga, magetsi anathima. Kuno magetsi akathima palibe amene amatembenuka n'komwe. Laputopu ili ndi batire, ndiye anangopitiriza, ndipo injini yanga inachita kutsimphina.

Abwana anandiyang'ana ndi chisoni cha pamaliro. Ine ndinapsa mtima, chifukwa ndinkadziwa chimene chachitika. Ndagwira ntchito pa batire theka la moyo wanga.

"Achimwene," ndinatero kwa mnzangayo, "kodi laputopu yanuyo ikachoka pa magetsi siidzichepetsa liwiro kuti isunge moto?"

Anakanda m'mutu. "Kuofesi kwathu jenereta imangolira yokha, achemwali. Sindinaganizeko."

"Basi tidikire magetsi. Zonse ziyesedwe chingwe chili pakhoma, mosinthanasinthana."

Abwana ankafuna kutsika msewu wathu wamapiriwu kusanade. Ndinawauza mwaulemu kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndinawagulira chimanga chootcha kuti pakamwa pakhale ndi ntchito ina.

Magetsi anayaka dzuwa litapendeka. Tinayesa mobwerezabwereza, ine ndi mnzangayo titakhala benchi imodzi. Zotsatira ndinaziwerenga ndekha mokweza, osabisa kanthu. Yatsopano inapambanabe. Koma kusiyana kwake kunali kochepetsetsa, koti mlimi wa ku Magaleta amene waima pachulu kusaka netiweki sangakuzindikire. Mnzangayo anavomereza yekha, ndipo ndimamulemekeza nazo mpaka lero.

Abwana anati, "Sitingagwetse nyumba chifukwa cha kadontho kamodzi. Zikhale momwe zilili."

Sindinadumphe, sindinathokoze mopitirira. Ndinawaperekeza mpaka pagalimoto ngati munthu amene ankadziwa kale mathero ake. Fumbi lawo litazimiririka, ndinabwerera mu ofesi. Ndinaimbira foni eni nyumba imene ndinkachita lendi, omwe ndinali nditawachenjeza kuti mwina ndichoka, n'kuwauza kuti asafune munthu wina, sindikusamuka.