Chigubu cha Bambo

Mpaka lero ndikamva fungo la vanishi, kukhosi kwanga kumabwera kuwawasa kwa masese. Ziwirizi zinkalowa limodzi m'nyumba mwathu ku Glen View, zitakanirira pa ovolosi ya bambo. Bambo ankapaka vanishi mawadilopu ndi mipando pamsika wa akalipentala. Chaka chimene ndinali ndi zaka khumi, m'nyengo yotentha mvula isanagwe, mkodzo wawo unayamba kufiira.

Ndinkadziwa zimenezi chifukwa kutaya chitini chimene ankakodzeramo inali ntchito yanga. Chimbudzi tinkagwiritsa ntchito ndi mabanja atatu ochita lendi, ndipo bambo sankafuna kuti wina aone. Chitinicho ndinkachinyamula m'mamawa nditachivindikira ndi katoni, ntchentche zili pambuyo. Poyamba mkodzowo unkaoneka ngati tiyi wopanda mkaka, kenaka munayamba kuyandama timibulu ta magazi.

Palibe amene anadabwa. Makolo athu onse anakulira pafamu, akusamba m'madamu, ndipo kukodza magazi ankakudziwa kuyambira ali ana. A Jailosi, mnzawo wa bambo wa pamsika, ndiwo anagamula. "Ndi likodzo la kufamu ili, achimwene. Imwani masese atsuke chikhodzodzo. Kuchipatala mukatayako nthawi."

Koma bambo mowa sunkawayanja. A Jailosi ankatha zigubu ziwiri n'kupalasabe njinga mowongoka, pamene bambo makapu awiri okha, mtima unkathamanga, thukuta kamukamu, kenaka n'kukasanza kuseri kwa mpanda. Amayi ankawaseka kuti, "Chidakwa chanji chogonja ndi phala?" Bambo ankamwabe zaka zonsezo poopa kusekedwa ndi amuna anzawo. Tsopano mowa unasanduka mankhwala, ndipo amayi anasiya kuseka.

Dzuwa likapendeka ankandituma kwa mayi wina wogulitsa masese pakhomo. Ndinkathamanga m'fumbi lootcha mapazi, kudumpha madzi onunkha a m'ngalande, chigubu chikutulutsa thovu pachivindikiro. Ndinkanyada kwabasi, ndinkadziona ngati nesi. Bambo akakankha kapu nkhope itakwinyika, ndinkawanyengerera monga amayi ankachitira nane pa mankhwala owawa. "Malizani, bambo, muchire." Iwo ankatsinzina n'kumeza.

Mvula yoyamba itagwa, mkodzo unatsekeka. Tinawakweza kombi kupita nawo kuchipatala akubuula, atagwira pansi pa mchombo. Dokotala anati ndi khansa ya m'chikhodzodzo, ndipo yafalikira kale. Anatibwezera munthu wathu ali ndi paipi ndi kathumba ka mkodzo, ndipo ine ndinasiya chitini n'kuyamba kutaya kathumbako. Anamwalira chimanga cha m'mbali mwa msewu chisanamasule ngayaye.

Nditakula, nesi wina wa kutchalitchi kwathu anandifotokozera kuti thupi likamagaya mowa limayamba lausandutsa poizoni, ndipo matupi ena amachedwa kumuchotsa. Anati pa za mowa ndi khansa ya m'chikhodzodzo akatswiri sanagwirizanebe, pakuti likodzo, vanishi ndi fodya nazo zimabweretsa nthenda yomweyo, choncho palibe angaloze chimodzi. Ankafuna kunditonthoza, koma sindinatonthozeke.

A Jailosi alipobe, mano anatha koma akumwabe, ndipo ndikawaona ndimapsa mtima popanda mlandu woti ndiwazenge. Thupi la bambo linkakana mowa tonse tikuona, ife n'kumati ndi kufooka. Chimene chinawapha sindidzachidziwa. Ndimangokumbukira dzanja langa litagwira kunsi kwa kapu, ndikuikweza kuti asasiyemo kanthu.