Giyabokosi Yandifera pa Constantia Nek, a Galaja Akuti Ndimachita Mpikisano

Galimoto yanga aitsekera mumpanda wa galaja ina ku Wynberg kuno ku Kepi, ndipo ndilibe njira yoitulutsira. Ndikulemba kuti mwina wina mwa inu andiuze kolowera.

Ndimakhala ku Imizamo Yethu. Galimotoyi tinagula mosonkherana ndi alamu anga a Saidi asanabwerere ku Machinga. Ndi imene imatidyetsa, ife kuno ndi iwo kumudzi. M'mawa ndimanyamula amayi anayi ogwira ntchito m'nyumba za ku Constantia, madzulo n'kukawatenga.

Mwini wake woyamba anali wa mipikisano. Anaikamo tebo, chida chija chowonjezera mphamvu ya injini, n'kuseweranso ndi kompyuta yake. Ukangoponda pang'ono imadumpha. Koma giyabokosi ndi ya otomatiki, yomwe ija inabwera nayo kuchokera kufakitale. Ine za liwiro ndilibe nazo ntchito. Ndinagula chifukwa inali yotchipa.

Itayamba kugwedeza posintha magiya, ndinathamangira kugalajako. Pakhoma analemba zilembo zikuluzikulu kuti ndi akatswiri a magiyabokosi. Abwana ake, bambo wamtali wa ndevu zoyera, anatsegula boneti okha. Tebo anaiona ndi maso awo, mpaka anaimba likhweru. Ndinawafunsa mosabisa ngati giyabokosi imeneyi ingapirire mphamvu yotere, kapena tingochotsa teboyo. Anaseka. Anati kuchotsa n'kuwononga galimoto yabwino. Anati aikamo mbale zolimba zamkati ndi choziziritsira oyilo, ndipo ndidzatopa ndine iyo ikuyendabe.

Ndinalipira R14,000. Theka linali la chipereganyu chathu.

Mwezi sunathe. Lachiwiri m'mawa tikukwera chitunda cha Constantia Nek, injini inayamba kukuwa koma galimoto osapita. M'katimo munadzaza fungo lopserera. Kenako inayamba kubwerera chammbuyo, kumbuyoko kuli lole. Mayi Asiyatu, omwe amakhala pampando wakutsogolo, anagwira chitseko n'kuyamba kupemphera mokweza. Ndinakoka handibuleki ndi manja awiri. Tinaima bampala itatsala pang'ono kukhudza loleyo.

Amayi aja anatsika n'kuuyatsa wapansi. Mayi Asiyatu atafika mochedwa, abwana awo anawauza kuti asabwerenso. Ali ndi ana atatu ku Mangochi. Mpaka lero tikakumana pampopi ndimayang'ana pansi.

Ndinaikoketsa mpaka ku Wynberg. Mayi wa muofesi anati abwana kulibe, ndibwere mawa. Mawa lake anati apita kukadya. Ndinakhala pa thayala panja mpaka anatulukira. Anadutsa ngati sanandionepo chibadwire.

Atatsitsa giyabokosi anandionetsa oyilo wakuda bii ngati phula, mbale zamkati zitapsa. Ndinafunsa kuti nanga choziziritsira chija chili pati. Anati nthawi imeneyo chinali chitatha m'sitolo. Chitatha? Nanga ndalama yanga bwanji sinathe m'sitolo? Bwanji sanandiuze ndikutenga galimoto?

Apa ndi pamene anasintha nkhope. Anati galimoto yosinthidwa injini alibe nayo chitsimikizo, aliyense amadziwa kuti otomatiki wamba sangalimbe ndi mphamvu imeneyo. Aliyense amadziwa! Ndiye tsiku lija ndinkafunsa chiyani? Amene analetsa kuchotsa tebo ndi agogo anga? Anawonjezanso kuti ndiyenera kuti ndimachita mipikisano usiku. Mpikisano, ine, wonyamula amayi anayi ndi zikwama zawo za mayunifolomu?

Ndinawauza kuti ndikadandaula kwa oona za ogula, ngakhale kupolisi. Sanakwiye. Anapukuta manja pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana.

"Pita, bhuti. Koma mapepala ako ali bwino?"

Chilolezo changa chokhalira m'dziko muno chinatha, chatsopano ndikudikirabe. Iwo sanachione, koma anadziwa pondigwira. Ndinatuluka ngati ndine ndawabera.

Tsopano akuti ndigule giyabokosi ina, ndipo tsiku lililonse limene galimoto ikugona pamalo pawo akundiwerengera ndalama. Ndikalephera pakutha pa mwezi, aigulitsa. Dzulo ndinasuzumira pampanda. Aikankhira kumapeto, pafupi ndi mulu wa zitsulo zakutha, ndipo batire achotsamo kale.

A Saidi anaimba foni Lamlungu kufunsa za feteleza. Ndinati netiweki ikuvuta.

Abale anga a ku Kepi, mukaona galimoto yosinthidwa injini ya otomatiki ikugulitsidwa motchipa, thawani. Makaniko akakulonjezani kuti ailimbitsa, imani pomwepo muone chilichonse chimene akulowetsamo. Ndipo ngati alipo wa mapepala abwino amene angalole kupita nane kukaima pakhomo paja, chonde ndipezeni. Sindikufuna ndewu. Ndikungofuna munthu woti akayankhula, bambo aja asaseke.