Zolembedwa pa Beseni la Amake Rute

Emelia Namakhwa anatsikira kuchigwa ali ndi chikwama chimodzi, majuzi awiri, ndi mutu wodzaza nzeru za ku koleji. Kwawo ndi ku Thyolo, kumene anthu amadzuka m'nkhungu. Koleji ya aphunzitsi itamutumiza kukayesera ntchito pa sukulu ina ku Nsanje, pafupi ndi madambo a kwa Nyachikadza, mayi ake anamulongedzera ngati akupita kuphiri. Majuziwo sanawavalepo.

Anamupatsa Sitandade 1: ana oposa zana pansi pa mtengo wa nimu, mabuku asanu ndi anayi. Ku koleji anamuphunzitsa kuti mabuku akaperewera, nthaka ndiye kope, mwana alembe ndi chala pamchenga. Emelia ankaikhulupirira njirayi ngati vesi. Koma amene anaiganiza sanapondepo ku Nsanje mu Okutobala. Mthunzi wa nimu unkakwana ana akutsogolo okha, ndipo ikamati teni koloko mchenga wakumbuyo unali woti n'kukazingirapo mtedza. Emelia, mapazi ali m'nsapato, sankadziwa kanthu.

Kumbuyoko kunkakhala Rute, kamtsikana kazaka zisanu ndi ziwiri kozolowera Chisena. Anzake ankakanda pansi mwachangu n'kuchotsa chala, koma iye ankangobisa manja m'khwapa. Emelia anati ndi mwano, ndipo tsiku lina anamukalipira pamaso pa anzake onse.

Mawa lake kunabwera mayi a mwanayo, a Evelesi, ogulitsa milamba yowamba, beseni lili pamutu. Sanakweze mawu.

"Aphunzitsi, tavulani nsapato muponde apa pamene amakhala mwana wanga."

Emelia anavula n'kuponda. Anadumpha asanapume kawiri. Ana anaseka, koma iye anagwidwa ndi manyazi aakulu pokumbukira kuti anazunza ana milungu itatu akuyesa kuti akuwathandiza.

"Rute alibe mwano," anatero a Evelesi. "Bambo ake anapita ndi madzi chaka chija, ndiye ndili ndekha. Ngati kuno akungopsa zala, bola azikandilerera mng'ono wake kudimba. Ndidikira teremu ithe, ndione ngati pali chimene watola."

Kufunsa ndi kudziwa njira, ndipo Emelia anayamba kufunsa. Anafunsa anawo chimene amasewera akaweruka. Anati amaumba ng'ombe zadongo. Lolemba aliyense anabwera ndi chibuma chonyowa cha kudambo, ndipo m'malo mwa ng'ombe anayamba kuumba malembo. Dzuwa lomwe lija linkawotcha zala tsopano linkaumitsa ntchito yawo. Kalasi nayo inkasuntha kuzungulira mtengo, kutsatira mthunzi. Emelia anatolanso Chisena pang'ono, chopindika kotero kuti ana ankagubuduka ndi phwete, koma ankamumva.

Rute anali katswiri poumba. Malembo ake ankatuluka osalala, ndipo anayi a dzina lake ankawasunga m'thumba la diresi. Koma pakamwa panali potseka. Ukamulozera mawu ankangoyang'ana pansi. Disembala atafika, Emelia ankadya osamva kukoma, poti mwanayo anali atamukonda ndipo ankaona kuti amutaya.

Sabata yotsekera, a Evelesi anatulukira ana akuweruka. Anatula beseni n'kukhala pamuzu wa nimu.

"Ndabwera monga ndinanenera, aphunzitsi. Tandiuzani zoona."

Emelia anayang'ana beseni lija. Pofuna kuchedwetsa yankho, anafunsa za malembo ofiira amene anali m'mbali mwa beseni. Amayi a nsomba amalemba mabeseni awo kuti asasokonekere m'bwato.

"Analemba ndi bambo ake," anayankha mayiwo. "Ndi dzina langa, Evelesi. Ine sindiwerenga, ndimangozindikira penti."

Emelia anayang'ananso malembo aja. Rute anali atanjuta kale pambali pa beseni, chala chikuyenda pa penti monga chinkayendera pa dongo.

"A… ma… ke," anatero motsitsa. Anaima. Anatulutsa malembo ake anayi m'thumba, n'kuwandandalika pansi pa olembedwawo. "Ru… te. Amama, apa ndi ine."

A Evelesi anatembenukira kwa Emelia, ndipo Emelia anagwedeza mutu kuvomereza. Mayiwo anakoka beseni n'kuliika pamiyendo. Anali atalisenza zaka zitatu osadziwa chimene mwamuna wawo analembapo.

"Ndi momwe ankandiitanira," anatero. "Tawerenganso, mwanawe."

Rute anawerenganso, ulendo uno osaima. Mayiwo anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, nasenza beseni lawo n'kuthokoza m'Chisena.

"Takhuta, aphunzitsi. Januwale muzimukhazika pamthunzi."

Kudimba anapita okha.