Ndinabatiza Munthu wa Dzina Lobwereka

Anandiitana masana, mu Epulo 2020, ndikuchapa yunifolomu kuseri kwa buloko yathu. Kampu ya antchito inali itatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid, wolowa panalibe, wotulukanso panalibe. Supavaiza anabwera ndi amuna awiri ovala masiki.

"Tenga ID, yalla, fulumira," anatero mmodzi. Nditafunsa ngati nditenge zovala, anaseka. "Ubwerako pompano." Yunifolomu ija ndinaisiya m'ndowa, ndipo sindinaionenso.

Ku Doha, kwa Aluya kuja, ndinali mlonda pa nyumba ina yosanja ku West Bay, koma kwathu ku Dedza ndinali katekisiti. Pa buloko yoyandikana nafe pankakhala mnzanga wa ku Zomba, woyeretsa m'maofesi ku Msheireb. Kwawo anali wa kalasi ya ubatizo, ulendo unamupeza asanamalize. Ejenti amene anamupezera ntchito anamuuza kuti dzina lachisilamu limayenda msanga, choncho ziphaso zake zonse zinatuluka ndi dzina lobwereka. Tinkadziwa zimenezi ndife awiri: ine ndi mkulu wina wa ku Mangochi, dalaivala, Msilamu weniweni, amene ankagona naye chipinda chimodzi.

Mkulu ameneyu ndi amene anandiimbira foni. "Aphunzitsi, mnzanuyu chifuwa chamugwira, ambulansi akuti inshallah mawa. Akungoitana inu. Wallahi, bwerani muchite zanu zija."

Ndinadutsa pansi pa waya wolekanitsa mabuloko athu ndi botolo la madzi akumwa. Mpingo umalola kuti munthu akakhala pa ngozi ya imfa, aliyense amubatize. Ndinamuthira madzi pamphumi, ndikunena mawu a ubatizo. Wina m'chipindamo anajambula pa foni, ndipo mawa lake, ambulansi itamutengera kuchipatala, vidiyo inali itazungulira kampu yonse.

Kumene ananditengera amuna awiri aja, wondifunsa mafunso anali munthu waulemu, wonunkhira bwino. Za waya sanazitchule n'komwe. Anandionetsa vidiyo, kenako chithunzi cha ID ya mnzanga.

"Uyu ndi Msilamu. Iwe ukumutani apa?"

Kumeneko kubatiza Msilamu ndi mlandu waukulu. Yankho ndinali nalo, lalifupi, loona. Ndikanati munthuyu si Msilamu, mlandu wanga ukanapepuka pomwepo. Koma iye akanasanduka wolowa m'dziko ndi ziphaso zabodza, ali pa bedi la chipatala, mpweya akuupumira m'chubu. Ndinati ndinkamupempherera.

"Ndi madzi?"

"Thupi linatentha, bwana."

Anatseka vidiyo ija. "Mafi mushkila, palibe vuto. Nthawi tili nayo."

Nthawi analidi nayo. Anandiika m'chipinda chodzaza anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo, ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Tinkagona mosinthana. Wina akatsokomola tonse tinkatembenukira kukhoma, ngati kuti khoma ndi mankhwala. Ankanditulutsa, kundifunsa funso lomwe lija, ndine ndikuyankha zomwe zija. Tsiku lina wofunsayo sanali waulemu uja, ndipo kuyambira pamenepo khutu langa lakumanzere limamva pang'ono. Nthawi iliyonse ndinkafunsa ngati mnzanga ali moyo. Mlonda wa pakhomo ankangoti, "Khalas, basi, khala pansi."

M'chipindamo ndi mmene ndinakumbukira nkhani ya wansembe wokalamba wa ku Canada amene anatiphunzitsa ukatekisiti. Ankakonda kutisimbira za mbale wa agogo ake, mmishonale amene anakhala pakati pa eni dziko m'zigwa za kumeneko, nthawi imene azungu ankafika ndi ngolo kudzagawana malo. Anaphunzira chilankhulo cha anthuwo, nkumasamuka nawo potsata njati. Nthomba itabuka, ankalowa hema ndi hema kubatiza odwala, aliyense kumupatsa dzina lachizungu. Kenako njati zinatha, malo anatengedwa, anthu anawatsekera m'timadera touma. Iye ankapita kwa akuluakulu a boma kukawapemphera chakudya, nkubwerako chimanjamanja. Akuti atakalamba ankayenda kumanda kuwerenga mitanda, akulira kuti mayina amene anthuwo anabadwa nawo sanalembedwe paliponse.

M'kalasi nkhaniyi tinkaimva ngati ya ngwazi, ndipo ine ndinkachita nayo matama polalikira. M'chipinda chija ndinaimva mwa njira ina. Ndinaona munthu wokhala ndi madzi ndi mawu basi, ataima pakati pa anthu amene akutha. Ndinachita mantha, ndinakwiyanso, chifukwa ndinali chete pofuna kuteteza munthu amene sindinkadziwa ngati akupumabe.

Mu Sepitembala mlonda wina anatiuza kuti malamulo a ntchito asintha, wantchito atha tsopano kusintha bwana popanda kupempha chilolezo. Ena anawomba m'manja. Ife tinali titasiya kale kukhala antchito a munthu aliyense.

Mwezi womwewo anandiitana. Panalibe khoti, panalibe chigamulo chimene ndinachimva. "Ukupita kwanu, usadzabwerenso." Ku bwalo la ndege anandibwezera foni. Nditaitchaja, ndinapeza uthenga wa mawu wa mkulu wa ku Mangochi uja, wotumizidwa mu Epulo.

"Aphunzitsi, mnzathu uja watisiya lero kumawa, ku chipatala. Amuika ngati Msilamu, monga mwa ID. Ine sindinanene kanthu. Ndinamuwerengera dua yanga, pemphero lathu lachisilamu, madzi anu anali atalandira kale. Mulungu asankha yekha. Inu musavutikenso, nenani zoona akutulutseni."

Ndinaumvera uthengawo ndi khutu labwino, kenako ndinaubwereza. Anamwalira ndisanafunsidwe kachiwiri. Miyezi yonse ija ndinkalondera pakhomo pa nyumba yopanda munthu.

Anthu amandifunsa ngati ufulu unandikoma. Ndimati inde, chifukwa ndi zimene amafuna kumva. Ufulu umene ndinaumva ine ndi woti ndinatha kukwera minibasi kupita ku Zomba popanda kupempha aliyense, ndi kutchula dzina la mnzanga mokweza koyamba.

Mayi ake ndinawapeza akupala chinangwa pakhonde. Uthenga wa maliro anali ataulandira kale, wolembedwa dzina limene iwo sankalidziwa. Sanafunse za manda, kapena za katundu wake.

"Bambo, mwati munamubatiza?"

"Inde, mayi."

"Nanga pomuthira madziwo munamutchula dzina liti?"

"Limene munamupatsa inuyo."

Anaika mpeni pansi, nkufunda chitenje kumaso. Kenako anati, "Ndiye kuti akamuitana kumeneko ayankha."