Galu wagona pa zitenje za amayi

Mwaswera bwanji nonse? Ine kuno ku Dublin mtima ukundiwawa.

Mukudziwa kuti pobwera kudzaona mchimwene wathu Yamikani ndinanyamula zitenje za malemu amayi, zija tinagawana maliro atatha. Azimayi a kutchalitchi ku Blanchardstown anandiphunzitsa kusoka quilt, chofunda cholumikiza tizidutswa ta nsalu. Ndasoka pamanja three weeks yathunthu mpaka zala kutupa. Sunday ndinachipereka kwa mwana wa Yamikani, Tadala, kuti azifunda nsalu za agogo ake amene sanawaonepo.

Lero m'mawa ndikulowa ku kitchen, ndapeza chofunda chija chili pansi, galu wawo atadzipinda pamwamba pake. Mutu wautsamiritsa pa kachidutswa kobiriwira kaja, ka chitenje chimene amayi ankaberekera Yamikani yemweyo popita kuchigayo.

Nditamufunsa Yamikani, wayankha osachita ndi manyazi omwe. Akuti, “Achemwali, musakwiye. Tadala ali ndi duvet yofunda kale, ndiye galuyu amamva kuzizira. Kuno galu ndi wa m'banja.”

Ndathamangitsa galuyo, chofundacho ndachichapa kawiri, koma ubweya wake sukuchoka.

Ndiye abale anga, ndiuzeni. Ndimusiyire Tadala, poti mwanayo sanalakwe, kapena ndibwere nacho kumudzi? Panopa chili mu sutikesi yanga, ndipo ndakhoma.

Ngati galuyo ndi wa m'banja, wina andikumbutse. Ine ndimadziwa kuti amayi anabereka ana five, ndipo pa ife palibe wa mchira.