Miyezi Isanu Ndikupuma M'malo mwa Brodie

Anzanga, Brodie ndinakumana naye kuntchito kwanga, pa famase ina ku Mackay. Ine ndinali pa kauntala yobwereketsa makina a CPAP, aja othandiza anthu amene mpweya umawadukira ali m'tulo.

Analowa atagwira kalata ya dokotala ngati samoni ya kukhoti. Chimunthu chachitali, ndevu mpaka pachifuwa.

"Achemwali, akuti ndizigona ndi chipaipi kumaso ngati njovu."

"Njovu siiwala kupuma, achimwene. Khalani apa ndikuyezeni nkhope."

Masiki yake inali ya saizi yaikulu, ya L. Potuluka anatenga makina, nambala yanga anatenganso.

Brodie ankayendetsa chigalimoto cha malasha ku mgodi wina kufupi ndi Moranbah, sabata imodzi kuntchito, ina kunyumba. Dokotala wa kampani anamuuza mosapita m'mbali: azigona ndi makinawo maola osachepera anayi usiku uliwonse, apo bii chiwongolero achisiye. Ndipo makina amenewa ndi akazitape, amatumiza okha maola onse ku kiliniki.

Chikondi chinayamba bwinobwino. Loweruka tinkapita kokawedza, pobwera nsomba ndi tchipisi zogula chifukwa sitinkagwira kanthu. Mayi anga anamukonda atawakonzera mpanda osatumidwa.

Vuto linali tulo. Akangovala masiki, m'maso gwa mpaka kucha. Dokotala anamulembera mapiritsi ogonetsa a masabata awiri kuti azolowere. Anamwa kawiri kokha.

"Bebi, ku mgodi amatiyeza mkodzo. Awa ndikawaulula andikhazika pa benchi, ndikabisa andichotsa."

"Ndiye utani?"

Analoza makina aja.

"Makinawa sadziwa nkhope ya munthu. Amangowerenga mpweya."

Anzanga, makina amenewa ndiyo inali ntchito yanga. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti munthu wodwala chonchi atha kusinza pa chiwongolero n'kuponda anzake. Koma ndinavomera. Ndinadzisankhira masiki ya S, n'kudziuza kuti ndi sabata imodzi yokha.

Sabata inasanduka miyezi isanu.

Akapita ku mgodi, makina ankatsala ndi ine. Akabwera, ine masiki kumaso, iye pambali panga mkonono ngati jenereta.

Nanenso tulo tinandithawa. Mphepo kukukankha m'mphuno usiku wonse, kukhosi kouma, m'mawa mizere m'masaya. Ndinayamba ndi theka la piritsi lake lija. Kenako lathunthu. Atatha ndinapita kwa dokotala wanga n'kukanama kuti ndi nkhawa za kuntchito.

Tsiku loti akaonedwenso, nesi wa ku kiliniki, mayi Noeleen, anamuyamikira ine ndili pomwepo.

"Brodie, ukupuma ngati khanda. Odwala anga onse akanakhala ngati iwe bwenzi ndikuweruka masana!"

Brodie anandifinya dzanja pansi pa tebulo. Ine ndinkangoyasamula.

Mu Ogasiti mng'ono wanga ankakwatiwa ku Cairns. Ndinachoka masiku asanu, makina ndinamusiyira mwini wake.

"Yesetsa, ngakhale maola anayi okhawo."

"Usadandaule bebi, ndilimba mtima."

Ndili komweko ndinkasuzumira pa foni, poti maola aja amaonekanso pamenepo. Usiku woyamba, asanu ndi awiri. Wachiwiri, asanu ndi atatu, mpweya osathawira m'mbali ngakhale pang'ono. Ndinasangalala mpaka kuuza mkwatibwi kuti alamu ake azolowera.

Nditabwerako ndinatsegula chikwama cha makina kuti nditsuke paipi. Munali masiki yachilendo. Sinali L yake ija, sinalinso S yanga. Inali ya XS, zingwe zapinki, tsitsi lalitali lofiira litakodwa pomangira.

Ndinaiika pa tebulo iye akudya.

"Ndevu zako zonsezi zinakwana umu?"

Anapitiriza kutafuna.

"Ndi ya Kaylah. Amaphika ku kampu kwathu ku mgodi."

"Anagona muno?"

"Shanae, iwe unali ku Cairns. Masiku asanu opanda kanthu akanandipanikiza ndi mafunso. Umafuna ntchito ithe?"

"Ndafunsa ngati anagona muno."

"Makina ali muno, ndiye akanagona kuti?"

Sindinalire, sindinaswe mbale. Ndinangomufunsa ngati Kaylah wakeyo sanavutike kupeza tulo ndi chimphepo chija.

"Ayi, ndinamupatsa mapiritsi ako a m'kabati aja."

Ananena izi akuthira sosi pa nyama.

Lolemba m'mawa ndinaimbira mayi Noeleen n'kuwafotokozera zonse, kuyambira tsiku loyamba. 

"Mwana wanga, ukudziwa kuti ndiyenera kulemba lipoti? Dzina lako likhalamonso."

"Lembani, mayi."

Ku famase anandichotsa sabata yomweyo, ndipo sindiwaimba mlandu. Brodie anamutsitsa pa chigalimoto, pano ndikumva akusesa ku wekishopu mpaka adzaphunzire kugona ndi makina ake. Kaya ndinaulula poopa kuti apha munthu, kaya chifukwa cha zingwe zapinki zija, mpaka lero sindidziwa. Mwina zonse.

Ananditumizira uthenga umodzi wokha: "Ndimayesa umandikonda."



Dokotala wanga ndinamuuza zoona, akundichepetsera mapiritsi pang'onopang'ono. Akuti thupi lidzakumbukira lokha kugona, ndisalithamangitse.

Anzanga, munthu akakupemphani kuti mumunamire, dziwani kuti chimene akufuna ndi bodzalo. Wolinena atha kukhala aliyense.

Wodwala anali Brodie. Koma uno ndi mwezi wachitatu ine ndisanagone usiku wathunthu.