Chitenje cha a Esitere

Phala likapserera, fungo lake limandibwezera pakhonde la a Makwinja, m'mudzi mwathu m'mphepete mwa esiteti ku Thyolo, pomwe utsi wa bulugama unkasakanikirana ndi nkhungu ya m'mawa, amayi athu akutsetsereka ndi madengu kumsana kukathyola tiyi.

Ana tonse ankatisiya kwa akazi awo, a Esitere. Eni akewo sankatiyang'ana n'komwe, kwa iwo tinali phokoso losokoneza wailesi basi.

A Esitere atamwalira ndi chifuwa chachikulu, a Makwinja anasiya kudya, wailesi ija n'kukhala chete. Poti anali mkamwini, akuchikazi anawasudzula kuti azibwerera kwawo ku Mozambiki. Tsiku la ulendo, mayi anga anafika ndi mlongo wanga wakhanda, Yohane. Analibe pomusiya, ndipo kujombanso kukanawathetsera ntchito.

"Agogo, ndigwirireniko mwanayu, lero lokha."

"Ine? Ndimutani? Minibasi indisiya!"

Mayi anangomuika pamiyendo pawo n'kuliyatsa liwiro. Yohane analira mpaka kusasa mawu. Madalawo atasowa pogwira, anamasula katundu wawo n'kutulutsa chitenje cha malemu, chinthu chokhacho cha akazi awo chomwe ankapita nacho.

"Iwe Mere, amamanga bwanji?" anandifunsa.

Ndinawaonetsa, kamwana ine. Mfundo yake inali yomvetsa chisoni, mwana atapendekeka ngati thumba la chinangwa, koma atangomva fungo la chitenjecho anagona. A Makwinja anaima pabwalo akumugwedeza, misozi ili chuchuchu. Minibasi inapita yokha.

M'mawa mwake tonse tinabwerera pakhonde paja. Phala ankalipsereza tsiku ndi tsiku, ife n'kumadya chomwecho. Azibambo odutsa ankawaseka: "A Makwinja, muyamwitsa liti?"

"Ndikudikira mabere amere, achimwene!"

Alamu awo atabwera kudzafunsa za ulendo uja, anawayankha mwana ali kumsana: "Munandisudzula ndinu, alamu. Anawa sanandisudzule." Nkhani inathera pomwepo. Anakhala nafe mpaka kukalambiratu, akuseka kuposa kale, ndipo ndinawakonda koposa.

Amuna anga atamwalira ndi khansa, inenso ndinadzitsekera m'nyumba, kufikira mayi wina woyandikana nane atagogoda ndi khanda m'manja. Ndinatsegula. Lero pakhonde langa ku Luchenza sipasowa phokoso, ndipo mtima wanga uli m'malo. Phala ndimalidziwa kuphika, koma masiku ena ndimalisiya dala pamoto kuti lipserere pang'ono.